Ciweruzo pa Cenjezo la pa Khoma la Banki

Ali yense wa inu amene anapitapo ku boma kukatapa ndalama anaona pepala lomatidwa pa khoma, pafupi ndi makina aja otulutsa ndalama amene dzina lao ndi ATM. Mau omwewo afikanso m'lamya zathu za m'manja, ndipo amveka pa wailesi. Kalembedwe kace kasiyana pang'ono banki ndi banki, koma mutu wace ndi umodzi: kuti usauze munthu ali yense nambala yako yacinsinsi, ndi kuti banki sidzakufunsa nambalayo nthawi iri yonse. Mau awa ndiwo mlonda amene eni mabanki anatiikira pa cuma cathu. Tsono popeza ndalama za fodya, penshoni ya okalamba, thandizo locokera kwa ana athu a ku Johannesburg, ngakhale copereka ca mpingo, zonsezi masiku ano ziyenda pa khadi ndi pa lamya, kuyenera kuti timuyese mlondayo, tione ngati akwanira nchito yace.

Ine ndine mphunzitsi, ndipo poconga zolemba za ana ndifunsa mafunso atatu: Kodi mau awa ngoona? Kodi ngokwanira? Kodi ayenera munthu amene anamlembera? Mafunso omwewo ndidzafunsa pepala la pa khomali, ndi kuonjezapo lacinai, lakuti, Kodi pepalali lichinjiriza yani?

Cimene candifulumiza kulemba ndi ici. Mai wina wamasiye wa mu mpingo mwathu anagulitsa soya ndi mtedza, nalandiranso kangacepe kocokera kwa mwana wao, nasunga zonse ku banki kuti agule malata mvula isanadze. Tsiku lotapa anaima pa makina, maso ao osaona bwino, mau a pa galasi ali m'Cingerezi, ndi anthu ambiri pambuyo pao ali kung'ung'udza. Mnyamata wobvala bwino anasendera nati, "Agogo, makinawa akubvuta lero, bwerani ndikuthandizeni." Maiwo sanamuuze nambala, anaibaya okha ndi cala cao, monga anaphunzitsidwa. Mnyamatayo anasolola khadi, nalipukuta pa malaya, nalibweza, nati makina afa, abwerenso tsiku lina. Khadi limene anabwera nalo kumudzi linali la maonekedwe omwewo, koma silinali lao. Pofika Lolemba m'akaunti munatsala ndalama yosakwana ngakhale ya basi. Ndipo pamene anakadandaula, kalaliki anawalozera pepala lija nati, "Amai, ndalama zinatuluka ndi khadi lanu ndi nambala yanu, ndiye kuti munauza munthu." Anabwerera ali cete, ndi manyazi pamwamba pa umphawi.

Kodi mau awa ngoona?

Inde, ngoona, ndipo kuti timvetse bwino tiyenera kudziwa khadi ndi ciani. Akuru akumbukira masiku a buku la ku Positi, pamene munthu anapereka kabuku kace kwa kalaliki, nalemba dzina kapena kudinda cala, kalalikiyo ali kumyang'ana kumaso. Wakuba wofuna kudya ndalama za mwini anayenera kuima pamaso pa munthu mnzace ndi kunama, ndipo kumeneko kunali kobvuta. Makina alibe maso otere. Banki ya Barclays inatsegula makina ace oyamba ku Enfield, kumpoto kwa London, pa 27 June 1967. Ndipo m'caka ca 1966 munthu wa ku Scotland, James Goodfellow, anali atalembetsa kale nzeru yace ya kuphatikiza khadi ndi nambala imene mwini asunga m'mutu. John Shepherd-Barron, amene anaganiza za makina a ku Enfield, anasimba yekha kuti anafuna manambala 6, koma mkazi wace anati akhoza kukumbukira 4 okha, ndipo iye anamvera. Ndi manambala 4 munthu akhoza kupanga nambala zosiyana 10,000, kuyambira 0000 kufikira 9999; ndipo makina alola kuyesa katatu kokha, pamenepo atseka khadi. Cotero wotola khadi m'njira, woyesa mwa kungolota, ali ndi mwai 3 wokha mwa 10,000. Loko ameneyu ngwolimba. Koma taonani cimene ciri m'menemo: makina adziwa nambala, munthu samdziwa. Ali yense wodza ndi khadi ndi nambala yace, kwa makinawo ndiye mwini.

M'buku loyamba la Mafumu tiwerenga kuti Yezebeli analemba makalata m'dzina la Ahabu, nawadinda ndi cidindo ca mfumuyo. Akuru a mudzi wa Naboti sanafunse za dzanja limene linalemba. Anaona cidindo namvera, ndipo munthu wosalakwa anafa. Nambala yacinsinsi ndiyo cidindo cako. Wakuigwira alamula m'dzina lako, ndipo banki imvera.

Mbali yaciwiri ya cenjezoli njoonanso. Kalaliki wa ku banki akhoza kuona akaunti yako ndi kukonza zolakwika zace popanda nambala yako, saisowa konse. Cifukwa cace munthu woimba lamya ndi kuifunsa wadziulula yekha ndi funso lomwelo. Onyenga otere adza ndi liu laulemu, nthawi zina adziwa ndi dzina lako lomwe. Wina ati akaunti yako itsekedwa lero ukapanda kumchulira manambala. Wina ati wakutumizira ndalama molakwa, umbwezere msanga mwana wace ali m'cipatala. Wina ati wapambana mphoto. Wina apempha kanambala kaja kamene banki itumiza m'uthenga pamene munthu ali kugula kapena kutumiza ndalama, pakuti kanambalako ndiko mfungulo yotsiriza imene asowa. Onsewa ali ndi cizindikiro cimodzi, ndico liwiro: safuna kuti ugone, kapena kuti ufunse mnzako. Apolisi ananena kangapo kuti ena a oimba otere ali akaidi a m'ndende ya Zomba. Ndipo cinyengo comweco cigwera osunga ndalama pa Airtel Money ndi pa Mpamba, pakuti kumenekonso mlonda ndi nambala.

Isake atakalamba anamva liu la Yakobo, nakayika mumtima. Koma anakhudza zikopa za mbuzi pa manja ace, nakhulupirira zikopazo koposa kukayika kwace. Ife tiri nao mwai umene Isake analibe: tikhoza kudula lamya, ndi kuimba tokha nambala ya banki yolembedwa kumbuyo kwa khadi. Pa funso loyamba, tsono, pepalali lakhoza.

Kodi ngokwanira?

Pano ndipo pepalali liyamba kutsimphina. Liphunzitsa monga ngati nyumba iri ndi polowera pamodzi pokha, ndipo pakamwa pa mwini. Koma mbala idziwa mazenera.

Zenera loyamba ndilo limene analowera kwa mai wamasiye uja. Iwo sananene kanthu. Nambala yao inabedwa ndi maso, poyang'ana cala cao, ndipo khadi linabedwa ndi manja posinthanitsa. Pepala likadanena kuti, Phimba dzanja lako pobaya nambala, ndipo mlendo asakhudze khadi lako ngakhale kamphindi, bwenzi malata ali pa denga lero.

Laciwiri ndilo makina ocheredwa msampha. Akuba amata kacipangizo pakamwa polowa khadi, kakuwerenga mzere wakuda wa kumbuyo kwace, nabisa kakamera pamwamba pa mabatani. Pambuyo pace apanga khadi lina lonyamula zomwezo. Ndico cifukwa cace makampani a Europay, Mastercard ndi Visa anapangana m'zaka za m'ma 1990 kuika m'khadi kacitsulo konyezimira kaja, dzina lace chip, kamene kali kobvuta kukopera. Kacitsuloko kanacepetsa kuba kwa mtundu uwu. Koma makhadi ambiri akali nao mzere wakudawo, ndipo munthu woona kanthu kogwedera kapena komatidwa pa makina acita bwino kupita kwina.

Lacitatu ndilo malonda a pa intaneti. Pa khadi palembedwa manambala, kawirikawiri 16, ndi mwezi ndi caka cimene khadilo lidzatha nchito, ndipo kumbuyo kuli ena 3. Wogula pa intaneti safunsidwa nambala yacinsinsi konse. Alemba awa okha. Cotero munthu wojambula khadi lako ndi lamya mbali zonse ziwiri, pamene walipereka m'sitolo ndi kuceukira kwina, akhoza kuyesa kugula nalo ali kutali, khadi liri m'thumba mwako. Ndipo nthawi zina mwini alibe kulakwa ngakhale pang'ono. Kumapeto kwa 2013 akuba analowa m'makompyuta a masitolo a Target ku America, natenga manambala a makhadi ngati 40 miliyoni, a anthu amene anangogula katundu monga mwa masiku onse. Khamu lonselo silinauze munthu cinsinsi cace.

Lacinai ndilo lamya. Wonyenga asonkhanitsa mbiri yako, napita kwa ogulitsa makadi a lamya, nanena kuti SIM yace yatayika. Akampatsa yatsopano ya nambala yako, lamya yako ingokhala cete, ndipo mauthenga onse a ku banki apita kwa iye. Kuyambira 2018 SIM iri yonse m'Malawi iyenera kulembetsedwa ndi citupa ca mwini. Cifukwa cace citupaco cakhala cuma cosayenera kubwereketsa, kapena kulola mlendo acijambule.

Lacisanu ndilo nambala yosabvuta kulota. M'caka ca 2012 Nick Berry anasanthula nambala zacinsinsi za manambala 4 zokwana 3.4 miliyoni zimene zinaululika pa intaneti, napeza kuti pafupifupi 11 mwa 100 ali onse anasankha 1234, ndi kuti ambiri ena anasankha caka coyamba ndi 19. Ife kuyambira 2017 tiyenda ndi citupa ca unzika colembedwapo tsiku lobadwa, ndipo ambiri ticisunga m'cikwama cimodzi ndi khadi. Amene nambala yace ndi caka cace cobadwa, akataya cikwamaco wapereka loko ndi mfungulo pamodzi, ndipo mwai uja wa 3 mwa 10,000 sumthandizanso.

Koma cosowa cacikuru koposa ndi ici: pepalali, monga tiliona m'malo ambiri, linena za kupewa, ndipo za tsiku latsoka linena mocepa kapena m'zilembo zazing'ono. Ndalama za m'akaunti sizitapidwa zonse nthawi imodzi, pakuti banki iika malire a zimene khadi likhoza kutulutsa pa tsiku. Mbala ibweranso mawa ndi mkuja. Mai uja akadadziwa kuti khadi litsekedwa ndi kuimba lamya kamodzi, usiku kapena usana, akadapulumutsa gawo lalikuru. Mphunzitsi amene aletsa ana kusewera ndi moto, osawauza pali madzi, waphunzitsa theka.

Kodi ayenera munthu amene anamlembera?

Wolemba cenjezoli anali ndi munthu wina m'maganizo mwace: munthu wa m'tauni, wowerenga Cingerezi, wamaso akuthwa, wokhala pafupi ndi banki. Kwa iye lamulo lakuti usauze munthu ali yense liri lopepuka. Nanga nkhalamba ya kumudzi, imene miyendo yace sifikanso ku mseu, ndi ulendo wa ku boma udya gawo la penshoni yomweyo? Nkhalambayo idzatuma mdzukulu, ndipo idzamuuza nambala, pakuti palibe njira yina imene inauzidwa. Lamulo losatheka kusunga anthu aliswa mobisa, ndipo ataliswa aopa kudandaula akaberedwa.

Kuonjezera apo, mwambo wathu utsutsana nalo lamuloli. Kwathu kubisira mbale cinthu kuyesedwa umbombo, ndipo kukana munthu wodzipereka kukuthandiza kuyesedwa mwano. Tinaleredwa kuti mlendo tisamkayikire pamaso. Makhalidwe awa ngokoma, ndipo sindifuna kuti athe. Koma onyenga awadziwa, nawasandutsa khasu lao. Mnyamata uja sanathyole citseko, anadzera pa ulemu wa mai wokalamba amene anacita manyazi kumuuza kuti, "Iai mwanangu, taima kutali." Ndiponso tinene poyera cimene tonse tidziwa: ndalama zambiri za okalamba sizidyedwa ndi alendo, zidyedwa ndi a m'nyumba. Wotumidwa atapa zimene anamtuma, natapanso zace. Akuru anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Agogo adzapita bwanji ku polisi kukanenera mwana wa mwana wao?

Cenjezo lolemberedwa anthu otere liyenera kuwapatsa njira, osati ciletso cokha. Liwauze kuti wosowa thandizo pa makina alowe m'kati mwa banki, apemphe wanchito wa momwemo, ndipo ngakhale iyeyo aceuke pamene nambala iri kubayidwa. Liwauze kuti wosakhoza kuyenda afunse banki njira yolembetsera munthu womuimira mwa lamulo, kuti dzina la wotumidwayo lidziwike. Liwauze kuti ngati anaumirizidwa kuchulira mbale nambala, aisinthe pa ulendo wotsatira, pakuti kusintha nambala ndi nchito ya kamphindi. Liwauze kuti apemphe uthenga wa pa lamya wofika nthawi iri yonse ndalama zikatuluka, ndi kuti ndalama zazikuru, monga za malata kapena za feteleza, zikhale m'akaunti yosayenda ndi khadi lotumira ana. Ndipo zonsezi zinenedwe m'Cicewa, m'Citumbuka, m'Ciyao, m'zilembo zazikuru zimene nkhalamba ikhoza kuwerenga yosabwereka maso a mlendo. Pa funso lacitatu pepalali lalephera, pakuti lilankhula kwa munthu amene asowa cenjezo pang'ono, ndi kumlambalala amene alisowa kwambiri.

Kodi lichinjiriza yani?

Funso ili ndilo lolemera. Mau amene analembedwa ngati cishango ca mwini ndalama, tsiku la mlandu asanduka cishango ca banki. Kalaliki uja sanafufuze. Anawerenga pepala cam'mbuyo, nati, Popeza tinakuletsani kuuza munthu, ndipo ndalama zatuluka, ndiye kuti munauza. Taona kale kuti kuganiza kotere nkolakwa, pakuti mazenera alipo asanu amene safuna pakamwa pa mwini.

Kulakwa kumeneku sikunayambe kwathu kuno. M'caka ca 1992 wapolisi wina wa ku Cambridgeshire, m'dziko la England, anabwera ku ulendo napeza kuti m'akaunti yace ya ku Halifax Building Society munatapidwa kasanu ndi kamodzi, zonse pamodzi mapaundi 460, iye osadziwa. Anadandaula. Eni nyumba ya ndalamayo anaumirira kuti makina ao salakwa, ndipo wodandaulayo ndiye anazengedwa mlandu wofuna kuba mwa cinyengo, natsutsidwa m'caka ca 1994. Mlandu unapita ku bwalo lalikuru, ndipo m'caka ca 1996 anamasulidwa, popeza a Halifax sanalole kuti akatswiri a mbali yace ayese makompyuta ao. Zaka zinai munthu anasenza dzina la mbala cifukwa ca cikhulupiriro cakuti makina sanama.

Mmodzi wa akatswiri omthandiza anali Ross Anderson wa ku sukulu yaikuru ya Cambridge, amene anamwalira m'caka ca 2024. Iye m'zolemba zace, kuyambira 1993, anayerekeza Britain ndi America. Ku America lamulo la 1978 linaika katundu pa banki: mwini khadi akanena m'masiku awiri a nchito atadziwa kuti khadi lace latayika, sataya koposa madola 50, ndipo pakakhala mkangano banki ndiyo iyenera kutsimikiza kuti mwini analola ndalamazo zituluke. Ku Britain masiku amenewo katunduyo anali pa wodandaula. Anderson anaona kuti kumene banki ilipira yokha zobedwa, ikhala maso, nikonza maloko ace. Kumene alipira ndi mwini akaunti, banki igona tulo, ndipo kuba kucuruka. Phunziro lace mwana wa m'mudzi alidziwa: mbusa amene alipitsidwa mbuzi ikatayika saodzera kudambo. Pambuyo pace Britain inasintha. Malamulo a 2017 anena kuti banki ibweze ndalama zotuluka mwini osalola, lisanathe tsiku la nchito lotsatira, ndipo mwini khadi lotayika sataya koposa mapaundi 35, pokhapokha atacita cinyengo kapena kusasamala kwakukuru. Ndipo kuyambira 7 October 2024, ngakhale munthu wonyengedwa kuti atumize yekha ndalama kwa mbala ayenera kubwezeredwa, kufikira mapaundi 85,000, ngati sanacite kusasamala kotere.

Sindinena kuti eni mabanki ngoipa mtima. Alipo anthu onama, amene atapa okha ndalama nabwera kulira kuti aberedwa, ndipo banki yobwezera ali yense wosafunsa ingathe cuma ca osunga onse. Kufunsa nkoyenera. Cimene nditsutsa ndico kuweruza usanafufuze. Banki iri nazo zoyesera zimene mai wa kumudzi alibe: idziwa ora ndi malo pamene ndalama iri yonse inatuluka, ndipo pa makina ambiri pali kamera. Wokhala ndi umboni m'manja ndiye ayenera kuutulutsa.

Ndipo inu abale dziwani kuti mau a kalaliki wa pa zenera sindiwo ciweruzo cotsiriza. M'caka ca 2016 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene liyesa mlandu kulowa m'makompyuta a eni popanda cilolezo. Cotero kuba kwa pa khadi ndi pa lamya kuyenera kunenedwa ku polisi monga kuba mbuzi. Dandaulo lipite ku banki molemba, ndi tsiku lace, mwini asunge pepala lofanana nalo, napemphe ndandanda ya ndalama zonse zotuluka. Banki ikapanda kuyankha mokhutiritsa, Reserve Bank of Malawi, imene iyang'anira mabanki onse, ilandira madandaulo a anthu osunga ndalama. Safunsa anadya phula.

Za ife eni

Sikungakhale cilungamo kuconga pepala la ena ndi kubisa lathu. Zolakwa zathu ziri ziwiri. Coyamba ndico kusirira. Munthu amene sanalowe mpikisano uli wonse, akamva kuti wapambana, mtima wace udziwa kuti ndalamazo si zace. Koma atseka khutu. Wouzidwa kuti ndalama zalowa kwa iye molakwa ayang'ane yekha zotsala m'akaunti asanabweze kanthu, pakuti uthenga ukhoza kupekedwa ndi munthu ali yense. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Caciwiri ndico kuseka oberedwa. Timati, Munthu wamkurumkuru anapusa bwanji? Ndipo cifukwa ca kusekaku woberedwa akhala cete, masiku apita, khadi likali lotsegula, ndipo mbala yomweyo igwira wina wa mudzi womwewo ndi mau omwewo. Manyazi a woberedwa ndiwo mpanda wa wakuba. Aphunzitsi, abusa ndi akalaliki anyengedwapo. Wonyenga acita nchito imeneyi tsiku ndi tsiku, ndipo ife tikomana nayo kamodzi. Mu mpingo wa Kristu woberedwa ayenera kupeza malo onenapo msanga, wosaopa. Ndiponso cuma ca mpingo cisakhale pa khadi limodzi m'thumba la munthu mmodzi. Kusaina kwa awiri kapena atatu kuchinjiriza ndalama, kuchinjirizanso dzina la msungicuma.

Ciweruzo canga, tsono, ndi ici: cenjezo la pa khoma liri loona, koma losakwanira, silinalemberedwe ife, ndipo m'manja mwa wosafuna kufufuza lisanduka ndodo yomenyera wovulala. Mphunzitsi akaconga salekera pa kudula mizere. Alemba pansi pace monga mwana akadayenera kulemba. Ine ndikadalemba motere:

1. Nambala yako ndiyo cidindo cako. Isakhale caka cako cobadwa, kapena 1234, ndipo usailembe pa khadi.

2. Phimba dzanja pobaya nambala. Mlendo asakhudze khadi lako. Ukasowa thandizo lowa m'kati mwa banki. Polandira khadi werenga dzina lako.

3. Woimba lamya kufunsa nambala iri yonse ndi mbala, ngakhale adziwe dzina lako. Dula, nuimbe wekha ku banki.

4. Ukatuma mbale, sintha nambala pambuyo pace, nuwerenge uthenga wa ndalama zotuluka.

5. Lemba nambala ya lamya ya banki papepala lina, ulisunge kunyumba. Khadi likatayika, kapena lamya yako ikangokhala cete popanda cifukwa, imba ora lomwelo, ngakhale ndi lamya yobwereka.

6. Ukaberedwa usacite manyazi. Banki idzafufuza isanakuweruze, ndipo idzakuonetsa cimene yapeza.

Mizere isanu yoyamba iri m'manja mwathu, ndipo ndipempha akuru a mipingo kuti aiwerenge kwa anthu potuluka m'mapemphero, makamaka nyengo yogulitsa mbeu isanafike, ndi kuti amai a Cigwirizano aifikitse kwa okalamba osatha kudza. Mzere wacisanu ndi cimodzi, theka lace liri lathu, theka lace liri la eni mabanki ndi opanga malamulo. Ndipo tidzawakumbutsa mwaulemu kufikira alilembe ndi dzanja lao.

Mai wamasiye uja nyumba yao ikali ya udzu. Anyamata a mu mpingo anaifolera mvula isanagwe. Ndalama zao sizinabwere. Koma Sabata lina anaimirira pakati pa amai anzao nasimba zonse monga zinacitikira, osabisa kanthu. Ndipo mwezi wotsatira mai wina, ataima pa makina omwewo, anamva liu laulemu pambuyo pace lakuti, "Agogo, ndikuthandizeni," nayankha kuti, "Zikomo mwanangu, taima apo," naphimba dzanja lace ndi citenje.